Wogwira Waya

Lolemba

Mvula sinagwebe. Mitambo ikungosonkhana kumwera, madzulo n'kubalalika. Fodya wa pa nazale wakula, akudikira kuwokeredwa.

M'mawa uno podutsa pa chigafa cha amayi ndaima kaye. Ndakumbukira Loweruka lina lakalekale, ndili mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito. Tili m'chigafamo tikusankha fodya. Wailesi ya malemu abambo yapachikidwa pamsomali wa mzati wapakati. Amayi ali pamphasa pansi pake penipeni, fodya pamiyendo, khutu m'mwamba, poti m'mudzi muno munalibe wokonda mpira ngati iwo. Pambali pali anansi athu, a Chisale ndi a Zgambo. Wailesiyo sinkalankhula popanda waya. Wayawo unkachoka kumbuyo kwake, n'kudutsa mu mpanda wa tsekera, n'kutulukira kunja, ndipo unkafuna munthu wougwira atautukula m'mwamba. Munthuyo anali alamu anga a Mbewe, amene anali atangokwatira mlongo wanga Esinati.

Mkamwini sakhala pamene pali apongozi ake aakazi. Amayi m'kati, ndiye kuti a Mbewe kunja. Kunjako mawu a wailesi ankafika ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Choncho Esinati ankaima pakhomo la chigafa, phazi limodzi m'kati lina kunja, n'kumawauza amuna ake zimene zikuchitika.

Tsikulo timu yathu yapatsidwa penate. Tonse duu. Woulutsa akuti womenya wabwerera m'mbuyo, wayamba kuthamanga. Fumbi la fodya lalowa m'mphuno mwa a Mbewe. Ayetsemula. Waya pansi. Wailesi shiii! Pamene mawu amabwerera, mpira unali ukuseweredwa kale, ndipo tinakhala nthawi yaitali osadziwa ngati chalowa. Amayi, osatembenuka, anati: "Esinati, uwauze amuna akowo kuti zoyetsemula azichita Lolemba."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kamawu kaulemu: "Uwauze kuti zamveka."

Esinati tinamuika m'manda mwezi wa Juni. Ana ake akula, ali m'matauni. Abale a alamu abwera kuchokera ku Chamama kudzapempha munthu wawo. Lamulungu likudzali tikuwasudzula, kuwamasula kuti abwerere kwawo. Wolankhula mawu ake ndine, poti mwini mbumba ndine. Mawuwo sindinawakonze. M'malo mwake ndakonza zina.

Loweruka ligi ikutha. Masewera omaliza a timu yathu. A Mbewe sanagulepo wailesi, ankati wailesi yawo ndi Esinati. Ngakhale zosonkhana m'chigafa zitatha, Esinati ankakamvera kwa amayi n'kukawafotokozera kunyumba. Munthu wakhala nafe zaka zonsezi, sanamvepo mpira ndi makutu ake!

Zofunika:
Wailesi ya abambo ipezeke.
Mabatire aakulu aja.
Chigafa chisesedwe.
A Chisale ndi a Zgambo aitanidwe.
Amayi apite kukacheza kwa ang'ono awo ku Lisasadzi. Asadziwe chifukwa!
Waya ndigwira ine.
A Mbewe akhale m'kati, pamphasa, pansi pa wailesi. Kamodzi kokha.

Palibe chovuta apa.

Lachiwiri

Wailesi yapezeka pamwamba pa khoma m'chipinda cha amayi, yokutidwa ndi chitenje. Ndaibisa m'jekete. Amayi ali pakhonde: "Wanyamula chiyani?" Ndati mabuku akale a kusukulu. Ayang'ana chogwirira chimene chikusuzumira pakhosi pa jekete.

Nditaitsegula kumbuyo: mphemvu, nyumba ya mavu, ndi kabatani ka malaya a abambo. Kabataniko ndakaika m'thumba. Zinazo ndakutumula.

Wokonza mawailesi wa pamsika masiku ano amakonza mafoni okhaokha. Waitembenuza wailesiyo uku ndi uku ngati chigaza chofukulidwa. "Aphunzitsi, foni yanuyo ili ndi wailesi. Mungoika tizingwe m'makutu." Ndamuuza kuti mpira wa m'khutu la munthu mmodzi si mpira. Wati ndibwere Lachisanu, ayesa, koma ndisauze anthu kuti wakonza ndiye.

Mabatire aakulu kulibe m'magolosale onse. Aliyense akuti anthu ali pa sola. Ndawapeza kwa amayi ena ogulitsa sopo ndi machesi kuseri kwa chigayo, afumbi, mapepala ake atachita dzimbiri. Abambo ankati batire silifa, limangozizidwa. Ndawandandalika padenga la nyumba kuti aothe dzuwa, monga tinkachitira Lachisanu lililonse.

Chigafa: mizati iwiri yadyedwa ndi chiswe. Denga lapendekera kum'mawa. Mbuzi zakhala zikugonamo. Msomali uja ulipo.

Ndasesa ndekha mpaka madzulo. Fungo la fodya wakale silinachoke m'tsekera. Ndikusesa ndikuganiza za bwalo la mpira limene ndinalimanga m'mutu mwanga ndili m'chigafa muno. Linali lalikulu kuposa minda yonse ya pa esiteti, zigoli zake kutalika ngati mibawa. Tsiku limene ndinakaona bwalo lenileni ku Lilongwe ndinakhumudwa. Laling'ono, kapinga woyoyoka, osewera aafupi kuposa ine. Goloboyi amene woulutsa ankati amauluka ngati kabawi anali bambo wamimba, wokonda kulavula. Ndinabwerera kumudzi osauza munthu. Amayi atandifunsa ndinati: "Monga mmene amanenera pa wailesi."

Zatheka lero: kusesa. Zotsala: zonse.

Lachitatu

Tsiku loitana anthu.

A Chisale ndawapeza pa kanema wa pamsika, m'chinyumba cha malata chotentha ngati uvuni. Avala malaya a timu ya ku Ulaya, ya mzinda umene sangauloze pa mapu a m'kalasi mwanga. Maso ali pagalasi. "Loweruka? Aphunzitsi, timu yanuyo chikho siitenga, kutsika siitsika. Masewera amenewo ndi opanda ntchito. Loweruka kuno kuli zenizeni." Ndatchula za a Mbewe. Ati Lamulungu adzabwera kudzanyamula nawo katundu. Munthu amene ankaluma chipewa timu yathu ikamenyedwa!

A Zgambo ndawapeza akusula khasu. Andilandira bwino, andipatsa mpando. "Yayi, asambizgi," atero, poti ndimo amatchulira aphunzitsi kwawo. "Ine tsopano ndimapemphera Loweruka." Analowa mpingo wina chaka chatha, ine osadziwa. Pondiperekeza, titafika pamene akazi awo sangamve, anong'ona: "Koma zigoli mudzandiuze, dzuwa likangolowa."

Atsala awiri: womvera ndi wogwira waya. Basi, n'zokwanira. Mwina n'zabwinonso.

Ndapita kwa alamu. Ali padenga la nyumba yawo, akusintha udzu pamene pamadontha. Nyumba imene achokemo Lamulungu! Ndaimirira pansi, ndawafotokozera zonse, khosi m'mwamba. Amvetsera, mtolo wa udzu m'manja. "Ndamva, alamu." Kenako: "Nanga waya?" Ndati waya ndi wanga. Aseka pang'ono: "Mkono wa choko umenewo?" Kuyambira Juni n'koyamba kuwaona mano.

Ndinafuna kunena kuti: alamu, tsikani, musapite, m'mudzi muno simuli mlendo. Ndanena kuti: "Udzuwo ndi wabwino." Ati ndi wa kudambo.

Pobwerera ndaganiza za mmene ligi imayendera limodzi ndi fodya. Imatsegulira tikusankha, imafika pakati tikudikira za ku okushoni, imatha tikuwokera. Zaka za m'banja mwathu timazikumbukira choncho. Tamanda, mwana woyamba wa Esinati, anabadwa chaka chimene tinatenga chikho. Matalala anang'amba fodya chaka chimene tinagulitsa womenya zigoli wathu. Abambo anamwalira ligi ili pakati, ndipo amayi anapempha kuti wailesi ikhale chete mpaka masewera a chaka chotsatira. Osewera amene tinkawatchula mayina ngati abale athu tsopano ndi agogo, ena ali kumanda. Timu ndi yomweyo, koma mulibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamukonda. Nanga ndimasapota chiyani? Malaya?

Ndakumbukiranso galimoto ya kanema imene inkabwera pabwalo la sukulu, ya a zaulimi. Ankayamba n'kutiphunzitsa kuthira feteleza, kenako n'kutionetsa anthu okwera akavalo. Tinkapirira feteleza chifukwa cha akavalo. A Mbewe anamuona Esinati koyamba pamenepo. Iye anali kumbuyo kwa gulu, akufotokozera nkhalamba ina yosaona bwino zimene zili pansalu, akuwonjezera zake. Alamu amati kanemayo sanamuonere n'komwe.

Mabatire ali padenga. Atentha bwino. Ndiwasiye mpaka mawa kuti akhute.

Lachinayi

Mvula!

Yayamba mbandakucha, yamphamvu, yopanda mphepo, ija imene mlimi amaidziwa ndi fungo. Mudzi wonse kumunda kusanache bwinobwino. Madengu a mbande pamutu, ana, agalu, aliyense. Kusukulu kwabwera ana ochepa, ndawauza kuti apite akathandize makolo. Inenso kumunda.

Mabatire ndawakumbukira ndili pakati pa mzere. Ndathamanga. Agubuduka kuchoka padenga, ali m'chithaphwi pansi pa khonde, atupa, akutuluka zoyerayera. Akazi anga awayang'ana, andiyang'ana ine: "Awa ozizidwa zenizeni tsopano."

Chigafa chagwada. Mbali ya kum'mawa denga lafika pansi. Mbali inayo yaima, pamodzi ndi mzati wapakati, msomali, ndi mpanda wa tsekera. Malo a mphasa imodzi alipo. Sindikufuna zoposa pamenepo.

Masana ndadutsa kumunda kwa Esinati. Alamu ali okhaokha, awerama, akuwokera. Kabowo, mbande, kutsendera ndi zala. Kabowo, mbande, kutsendera. Mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula. Fodya ameneyu adzathyola wina, adzasoka wina, adzasankha wina. Ndawafunsa chimene akudzivutitsira. Osadzuka, ati: "Mbande sizikudziwa kuti ndikuchoka."

Ndavula nsapato, ndatenga dengu, ndayamba mzere wina pambali pawo. Tawokera mpaka dzuwa kupendeka. Mizere yanga ikuoneka bwinobwino kuti ndi yanga. Pomaliza aiyang'ana, apukusa mutu: "Iyi mudzanene kuti anadzala ndi ana a sukulu."

Msana ukupweteka. Mawu a Lamulungu sindinawayambe. Ndayesa m'bafa: "Alamu, tikuthokoza kuti munasamala mlongo wathu." Pafika pa "mlongo" ndalekera pomwepo.

Zimene ndatsala nazo:
Theka la chigafa.
Wailesi imene ili kwa eni ake a mafoni.
Waya wa pa mpanda wa nkhuku.
Amayi akupita ku Lisasadzi mawa. Chimenechi chokha chikuyenda bwino.

Lachisanu

Amayi sakupita ku Lisasadzi.

Dambo ladzaza, msewu wasanduka phala. Wa njinga yamoto wafika pakhomo, waona amayi ndi ndodo yawo, wakana: "Agogowa ndikawagwetsa m'matope mundimanga." Amayi amasula kamtolo kawo mokondwa. "Sindimafuna n'komwe. Mng'ono wangayo amangokamba za matenda." Kenako, akupinda chitenje, osandiyang'ana: "Mawa tikumenya ndi ndani?"

Akudziwa. Akhala akudziwa kuyambira Lachiwiri.

Wailesi yabwera. Ikulankhula! Wokonzayo wailumikiza tizingwe toti itenge moto ku batire la sola. Batire la sola m'nyumba mwathu ndi la akazi anga. Zokambirana zatenga nthawi. Zatha ndi lonjezo loti ndidzakonza chitseko cha khitchini chimene ndinalonjeza chaka chatha.

Ndayesera m'chigafa. Ndamangirira waya kunsonga kwa nsungwi, kuti mwina munthu asavutike. Shiii. Ndaukoleka pa mtengo wa mango. Shiii. Ndaugwira ndi dzanja: mawu gwaa, bambo wina akulengeza za maliro a ku Mchinji. Ndausiya: shiii. Wailesi imeneyi ikufuna munthu basi. Ndayeserera kuugwira m'mwamba monga ankachitira alamu. Uthenga wachitatu wa maliro usanathe, phewa layamba kuyaka moto. Iwo ankatha zigawo zonse ziwiri, chaka ndi chaka, osadandaula. Ife m'kati tinkangokuwa kuti "m'mwamba pang'ono!"

Ndapita kwa amayi kukayesa njira ina. M'mabanja ena zopewanazi amathetsa mwana woyamba akabadwa: nkhuku, kamphatso, kupatsana moni, basi. Kwathu zinazengereza. Amayi ankati ayambe ndi a Mbewe, a Mbewe ankati ayambe ndi akuluakulu, kenako zinangokhala chizolowezi. Akakumana panjira, alamu amapatukira m'chimanga. Chilimwe, kopanda chimanga, amapatukirabe, n'kuima pamtetete atatembenukira kwina. Komatu denga la amayi amafolera ndi iwo, nkhuni amatema ndi iwo, ndipo amayi akaphika nkhuku chiwalo chabwino chimapita kwa a Mbewe.

Ndati: amayi, nkhuku ilipo, tithetse lero, mawa mukhale nawo pamodzi. Apitiriza kutola timiyala m'nyemba. Kenako: "Iwe uli ndi sukulu koma ulibe nzeru. Ndiwayang'ane kumaso lero, mkuja ndiwalole bwanji kupita?"

Ndatuluka.

Dongosolo latsopano: akazi anga akakhale ndi amayi kunyumba kwawo masana onse, azikaswa mtedza wambewu, awaike foni m'makutu. Akazi anga avomera, koma ati: "Amayi anuwo mpira amaumva ndi mapazi."

Loweruka

Kwacha bwino. Dzuwa, nthaka ikutuluka nthunzi.

Mphasa yayalidwa. Wailesi pamsomali. Waya wadutsa pabowo lake lomwe lija mu tsekera. Alamu afika atavala malaya oyera a kutchalitchi. Aima pakhomo la chigafa ngati pa ofesi ya boma. Ndachita kuwakoka. Akhala pamphasa, m'mphepete mwenimweni, miyendo yopinda, chipewa pabondo.

Ine kunja, dzanja m'mwamba. Woyimbira waimba. Ayamba!

Kunjaku sikumveka kanthu. Njuchi m'botolo. Ndikumva kukwera ndi kutsika kwa mawu, osadziwa kuti mpira uli kwa yani. Ndikuona minda, mbande zadzuka, akhwangwala pa chulu. Izi ndizo alamu akhala akuonera zaka zonsezi. Ndasuzumira pa kampata ka tsekera. Akhala chowongoka, nkhope yolimba ngati munthu womvera mlandu wake. Sakuyang'ana wailesi. Akuyang'ana pakhomo.

Ndafunsa kuti zikuyenda bwanji. "Akuthamanga kwambiri munthuyu, alamu. Mayina okhaokha. Sakunena kuti ndani ali ndi mantha."

Phewa layamba. Ndasintha dzanja, wailesi shiii, ndabwezera msanga.

Kenako ndamva ndodo. Go, go, go, panjira ya kwa amayi. Kumbuyo kwawo akazi anga, lichero la mtedza m'manja, akundiyang'ana ndi maso onena kuti ndinakuuzani. Amayi tizingwe ta foni tikulendewera pakhosi. "Tinthu iti tikundiyabwa m'makutu. Ayamba kale?"

Sanafike n'komwe pakhomo, alamu atuluka kale. Atulukira kumbali yogwa ija, chokwawa pansi pa denga, malaya oyera m'matope. Azungulira kuseri. Andichotsa waya m'dzanja mwaulemu, ngati kulandira khasu kwa mwana. Autukula. Wailesi yakweza mawu nthawi yomweyo, yamveka bwino kuposa tsiku lonse. Nkhope yawo yamasuka.

Amayi akhala pamphasa, pansi pa wailesi penipeni.

Ndaima pakati, wopanda ntchito. Sabata yonse yathera pamenepa: amayi m'kati, a Mbewe kunja. Pakhomo pokha palibe munthu. Tonse atatu tikupadziwa, palibe akupayang'ana.

Amayi ndiwo alankhula: "Ukungoima ngati mzati bwanji? Munthu ali kunjayo amva bwanji?"

Ndaima pakhomo. Phazi limodzi m'kati, lina kunja.

Ndayesetsa. Ndanena zimene wailesi ikunena: mpira watuluka, waponyedwa, watulukanso. Kona. Yawonongeka. Wina wagona pansi. Wadzuka. Chigawo choyamba chatha opanda chigoli. Pa kupuma alamu atsitsa dzanja, alipukusa, ati: "Mlongo wanu sankanena kuti mpira watuluka. Ankati mnyamatayo waona chibwenzi chake m'gulu la anthu, wamutumizira."

Chigawo chachiwiri ndayesa kuwonjezera zanga. Ndati goloboyi wawo akunjenjemera, mawondo akuombana. Ndati womenya wathu wadya bwino lero. Kuseri kwa mpanda: "Eya, choncho." M'kati amayi akukalipira wailesi, akutchula mayina a osewera amene anasiya mpira Tamanda asanabadwe. Akazi anga akhala pachitsa, akuswa mtedza, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Akuti ndi fumbi.

Chakumapeto atichinya. Chimodzi, chopusa, wotchinga kumbuyo wathu waterereka. Amayi amenya mphasa ndi ndodo. Ndatembenukira ku mpanda, ndati: "Alamu, atimenya chimodzi."

Kuseri kwa mpanda: "Iye akanati oyimbira ndi msuweni wawo."

Woyimbira waimba komaliza. Ligi yatha. Woulutsa akutsanzika, akuti tidzakumane chaka cha mawa. Amayi sanadzuke, alamu sanatsitse dzanja. Wailesi yayamba nyimbo, kenako zotsatsa sopo, ndipo onse awiri amvetsera zotsatsa sopozo mpaka kumapeto.

Dzuwa litangolowa a Zgambo atulukira ku mpanda: "Zili uli?" Ndawauza. "Ndinachita bwino kupemphera."

Lamulungu

Tachoka kutchalitchi, tasonkhana pakhomo pa Esinati. Abale a ku Chamama pa mipando, ife pamphasa. Tamanda wafika kuchokera ku Lilongwe, matope mpaka m'mawondo. A Chisale asungadi mawu awo, abwera opanda malaya a ku Ulaya. Amayi akhala pakhonde, chammbali, nkhope kukhoma monga mwa masiku onse.

Ndaimirira. Mawu sindinakonze. Ndanena zimene amanena onse: kuti munthuyu anabwera ndi manja awiri, watilimira, watimangira, wadwazika mlongo wathu mpaka tsiku lomaliza, tilibe naye chifukwa, ndi womasuka, pakhomo pano ndi pa ana ake, azibwera. Pa "mlongo" ndadutsa bwino. Chandipunthwitsa ndi china chimene sindinachiganizire: ndangomva pakamwa panga pakunena kuti "ndipo watigwirira waya." A ku Chamama ayang'anana. A Chisale aphimba nkhope ndi chipewa. Ndapereka mbale ya kamphatso, ndakhala pansi.

Katundu wawo ndi wochepa kuposa mmene ndimaganizira. Njinga, khasu, nkhwangwa, sutukesi, bulangete. Zina zonse ati n'za ana. Munthu wa zaka zonsezi wakwana pa ngolo imodzi, malo n'kutsala.

Ng'ombe zitamangidwa, amayi andikodola. "Uwauze alamu akowo kuti..." Aima. Agwira ndodo, adzuka, atembenuka. Ayenda mpaka pa ngolo. Alamu afuna kopatukira, koma pabwalo palibe chimanga, ndipo mwambo watha. Avula chipewa. Ayang'anana. Amayi awayang'anitsitsa, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kani ndinu aatali chonchi, a Mbewe."

"Eya, amayi."

"N'chifukwa chake inkamveka bwino."

Basi. Ngolo yanyamuka, ikutsetsereka m'matope, yakhota pa chulu.

Masana ndatsitsa wailesi pamsomali. Batire ndabweza kwa eni ake. Waya ndaupinda. Chigafa tidzachigwetsa ndi kumanga china fodya asanayambe kuthyoledwa. Mzati wapakati ndati ausiye.

Zotsatira za sabata:
Timu yagonja.
Mabatire afa.
Anzanga sanabwere.
A Mbewe akhala m'kati osakwana ndi chigawo chimodzi chomwe, ndipo sanasangalale.
Kuti asapite, sindinanene.
Chitseko cha khitchini chikundidikira.

Palibe mpira mpaka fodya adzalowe m'chigafa n'kuuma. Miyezi imeneyi Loweruka limakhala lalitali. Chaka chino lidzatalika kuposa kale.

Dzuwa likupendeka, foni yalira. Nambala yachilendo, ya mdzukulu wa alamu ku Chamama. Afika bwino, ngolo inatitimira kamodzi kokha. Alamu akukuwa, poti foni sanaizolowere. Akuti akambirana kale ndi alongo awo. Chigafa chawo n'chachikulu, chofolera bwino. Loweruka loyamba ligi ikadzatsegulira, tipite. Ine, amayi, ndi wailesi. Wa ngolo amuuza kale kuti adzatichingamire pamsewu.

"Amayi adzakhala pamphasa, ine pambali pawo. Ndikufuna ndimve mmene amatukwanira oyimbira, Esinati ankandibisira. Tamanda akuti adzabwera, adzaima pakhomo kuti inu muzimva."

Ndafunsa kuti ine ndizimva ndili kuti.

"Kunja, alamu. Kuno mlendo ndinu."

Ndakawauza amayi. Ati chitenje chawo chatsopano chisungidwe, ndipo wa njinga yamoto uja asadzayerekeze kukana.

Ndatenga waya, ndaima kuseri kwa nyumba, ndautukula m'mwamba. Phewa layamba kuyaka nthawi yomweyo. Miyezi ilipo. Ndiziyeserera tsiku lililonse ndikaweruka.